A Kolala Anakana Matumba

Mayi wina wamasiye anawadziwa a Kolala tsiku lake loyamba pafakitale, ali pamzere wa pageti. Anangomva dzanja lamugwira kumbuyo kwa khosi. Pocheuka anaona mdala wamfupi, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, akutembenuza kolala ya shati imene iye anavala, ya malemu mwamuna wake.

"Iyi sinadutse m'manja mwanga," anatero mdalayo mwachisoni. "Pepani, mayi."

Ndi mmene analili. M'basi, kuchipatala, ngakhale pamaliro, ankayamba kulonjera kolala, mwini wake pambuyo. Fakitaleyo sinkasoka shati yathunthu, koma makolala ndi matumba basi. Nsalu inkachokera dziko lina, mabatani dziko linanso, ndipo zonse zinkakalumikizidwa kutsidya kwa nyanja. A Kolala ankadzitama kuti ndege sanaikwerepo, koma makosi a dziko lonse lapansi anawakumbatira.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi: aliyense agwire chimene amachitha koposa, zinazo asiyire anzake. Kunyumba denga likadontha, ankati kukhoma malata ndi luso la ena. Akazi awo atatopa, tsiku lina anawaikira mbale yopanda kanthu, n'kuwauza kuti kudya nakonso alipo ena amakutha bwino.

Mayi wamasiyeyo manja ake anali olemera pa makina. Kapitawo anamuchenjeza kuti akapanda kufulumira abwerera kunyumba, kumene ana awiri ankayang'ana iye yekha. A Kolala, amene ankasokanso matumba akamaliza makolala, anamutsatira kapitawoyo.

"Matumba apatseni mayiwa."

"Koma inu mumawaposa, madala."

"Pa matumba ndimawaposa pang'ono, pa makolala kwambiri. Ndiye ndizitayiranji nthawi pa matumbapo?"

Kapitawo anakanda mutu n'kuvomera.

Patapita zaka, eni fakitale anapeza dziko lina losoka makolala motchipa, ntchitoyo n'kusamukira komweko. Matumba anatsala. Kapitawo anawanong'oneza a Kolala kuti atenge makina a mayiyo, poti iwo ndi akale pantchito. Mayiyo ankamva zonse, maso ali pa singano. A Kolala anaseka mpaka magalasi kugwa, n'kunena kuti munthu wozolowera kukumbatira makosi sangayambe muukalamba kupisa m'matumba mwa anthu ngati mbava.

A Kolala anasiya ntchito, ndipo anamwalira chaka chomwecho. Masiku ano anthu amalowa pageti makolala atapindika, wowaimitsa palibe, ndipo mzere umayenda msanga mosasangalatsa. Mayiyo akafika pamenepo amadzigwira kukhosi. Amakumbukira kuti sabata yawo yomaliza a Kolala anabwereka shati ya malemu ija osanena chifukwa. Anaibweza potsanzika, ili ndi kolala yatsopano, yowongoka bwino.

"Tsopano yadutsa m'manja mwanga," anatero. "Thumba lang'ambikali sindinalikhudze, mayi. Limenelo mumalitha ndinu."