Impso za Nswala ya Adokotala

Nkhani iyi kwa apongozi anga ku Kakumbi saikamba ine ndilipo. Amadikira ndichoke.

Nthawi imeneyo ndinali sikauti wa m'mudzi wolondera nyama zakutchire, ndipo anatituma kukathandiza dokotala wa nyama, mayi wina wa ku Lusaka, kusamutsa nswala. Ankazibaya jakisoni kuti zisachite mantha m'lole. Imodzi inafera m'khola, ndiye poti mpeni ndimaudziwa (zina ndine mbuli, koma kusenda ayi), adokotala anandiuza kuti ndiitumbule iwo akukatenga mabotolo kukampu.

Kwathu wotumbula nyama sapempha impso, ndi zake. Ndinazichotsa ndi mafuta ake omwe. Imodzi ndinaotcha kuseri kwa khola, inayo ndinapatsira mnzanga wa njinga akapereke kwa apongozi aamuna, aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba.

Adokotala atabwera anapisa dzanja m'mimbamo, kufufuza, kufufuzanso. Atandifunsa ndinanamizira miimba (pakamwa pali noninoni). Sanakalipe. Anangofotokoza kuti jakisoni uja ndi mbale wake wa mankhwala amene amapatsa odwala misala, ndipo sathera m'magazi, amakaunjikana m'tinthu tiwiri tonga nyemba tokhala pamwamba pa impso. Timeneto ndi timene ankafuna kukapima, aone ngati mankhwala ambiri amakhala chakunja kapena pakati pake.

"Bola yadya miimba," anatero. "Akanakhala munthu wokalamba, mtima ukanandithawa."

Apongozi anga ndi okalamba, komanso amadwala mtima. Ndinaulula zonse maso ali pa nsapato.

Tinathamanga pa galimoto mpaka ku Kakumbi, n'kupeza mkuluyo akutokosa m'mano pakhonde. Adokotala anawapima pamaso pa banja lonse, akufotokoza bwinobwino chimene ndinawadyetsa, n'kunena kuti tiwayang'anire masiku awiri. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo, ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

Apongozi anatembenukira kwa ine.

"Amwene, munandiona nikuyenda maliseche liti kuti munitumizire mankhwala ya misala?"

Sanadwale ayi. Anangogona tulo tabwino, akuti kuposa masiku onse. Ntchito sanandichotse, koma mpeni anapatsa wina. Ndinaphunzira kufunsa ndisanadye, kungoti kwa apongozi phunzirolo analitenga kuposa ine. Mpaka lero chilichonse ndingawapititsire, ngakhale nkhuku yamoyo, amayamba afunsa ngati adokotala aiona.