Ng'ombe Yanga, Ng'ona ndi Mpeni wa Che Jafali

Za ulendo wanga wa ku Insaca sindikonda kukamba, koma poti akazi anga azifalitsa kale kuchigayo, bola muzimve kwa mwini wake.

Sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu, koma kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha, mpaka Chipwitikizi cha pa mabotolo a mankhwala a ziweto. Ndiye pepala litamatidwa pa ofesi ya ku Chiuta, lonena kuti boma lithandiza alimi amene ziweto zawo zaphedwa ndi zilombo, ine ndi amene ndinaliwerengera mudzi wonse. Ndinathiraponso nzeru zanga: "Umboni, abale anga! Boma silimva misozi."

Sipanapite nthawi, ng'ona inagwira ng'ombe yanga ikumwa madzi kunyanja ya Chiuta. Inali yaikazi, imodzi yokhayo, imene ndinkadalira kuti idzandidzazira khola. Asodzi anailanditsa ndi nkhafi, koma mwendo wakumbuyo unali utaphwanyika ndipo inkapuma mobanika.

Mnansi wanga Che Jafali, Msilamu wodziwa kuzinga nyama, anafika ali wefuwefu.

"Achimwene, ikangofa yokha iyi, theka la mudzi sitilawa. Ndiizinge msanga mupezepo kenakake."

Ndinaganiza mwachangu (ndimadzitama nako kuganiza mwachangu). Nyama ndigulitse, kenako boma lindipatse yake. Kudya uku ndi uku!

"Dulani, Che Jafali."

Anatchula dzina la Mulungu, nadula. Dzuwa lisanapendeke kunatsala nyanga zokha. Mwendo wolumidwa uja, wokhala ndi zipsera za mano a ng'ona zooneka bwinobwino, ndinawapatsa asodzi powathokoza, ndipo ndinawathandiza kuudya. Koma umboni sindinaiwale. Tisanasende, ndinali nditajambulitsa chithunzi pa foni.

M'mawa mwake a sekeletariyo a m'mudzi anandilembera kalata yodinda bwino. Ndinavala jekete yopitira kutchalitchi n'kukwera shapa, minibasi yopita kuboma ku Insaca. M'njira monse ndinkafotokozera okwera anzanga mmene boma limagwirira ntchito.

Ku Insaca ndinapeza mayi woona za ziweto, munthu waulemu wake.

"Bambo, munaitana munthu wathu kudzaiona nyamayo musanaisende?"

"Ayi, mayi. Zimenezo pa pepala panalibe."

"Zilipo, m'munsimu." Analoza ndi chala pepala lomwe lija, limene linamatidwanso mu ofesi yawo. Zinalipodi. Inali mizere ya mawu ataliatali aja, amene ine ndimawadumpha mwaulemu.

"Musadandaule," ndinatero, ndikutulutsa foni ngati munthu woponya khadi yomaliza.

Anachiyang'ana nthawi yaitali chithunzicho. Ng'ombe ili gone, khosi lodulidwa mwaluso. Che Jafali aimirira, kofia kumutu, mpeni m'manja. Ine ndagwira nyanga, mano onse ali pamtunda. Mwendo wolumidwawo wojambula anausiya kunja, poti ndinamuuza ndekha kuti nkhope yanga ioneke bwino.

"Pepani bambo," anatero mayiwo, "ng'ona yake ndi iti apa? Yovala kofiayi, kapena yosekayi?"

Alimi amene ankadikira pabenchi anaseka mpaka mmodzi anatuluka panja. Ena mwa iwo ndinali nawo m'shapa muja.

Nditafika kunyumba akazi anga anasuzumira kumbuyo kwanga.

"Bambo a Rosa, ng'ombe ya boma ija ikubwera wapansi?"

Ndalama za nyama zija zinakwana mbuzi ziwiri, ndipo mbuzizo zimamwera m'beseni pakhomo pompano. Mapepala a boma ndimawerengerabe anthu, poti palibenso wina. Koma masiku ano ndimayambira m'munsi.