Mabatire Atatu Pazenera

Ndikamadutsa pa basi pamene panali laundromat yathu kuno ku South Bend, ndimaona sitolo ya mafoni, anthu ali zyoli, aliyense ndi kagalasi kake. Koma maso anga amaonabe anaJere, malemu mkazi wanga, ataima pakona mu yunifolomu ya ku nursing home, kosamalira okalamba, akumenya mabatani a chimakina cha gemu ngati akusinja. Nkhani ya chimakinacho ndi yochititsa manyazi. Ndiinena basi, ana inu, mukaseka museke.

Tinkachapa kumeneko Loweruka lililonse. Podikira zovala, mayiwo ankaponya kandalama ka kota m'makinamo n'kumawombera tizilombo tam'mlengalenga. Munthu ukachita bwino, makina amakufunsa zilembo zitatu za dzina lako. Iwo analemba INE, pamwamba penipeni, ndipo palibe anawachotsapo. Tsiku lina ine nditakwawa mpaka nambala teni, anandikankha n'kundilembera INU. Mndandanda unakhala choncho zaka zonse: INE kumwamba, INU pansi.

"Kunyumbanso zili chonchi," ankatero.

Anatisiya mu 2013. Patapita zaka zitatu laundromat inatsekedwa. Ndinafunsafunsa mpaka ndinamva kuti makina ali m'galaja ya mzungu wina wa ku Lawrence, dzina lake Gary, wokonda zinthu zakale. Ndinadraiva maola atatu. Atayatsa, INE anali pomwepo! Ndinalira pamaso pa mzungu ngati mwana, mpaka anavomera kundigulitsa.

Tisananyamule anatsegula kumbuyo n'kundionetsa mabatire atatu, ofanana ndi a wailesi. Anati amenewo ndiwo amasunga maina makina akazima.

"They're old. Do 'em hot, okay? Hot!"

"Hot," ndinavomera. "We do that at home."

"In Africa? Really?"

"Long time!"

Mumtima ndinanyadira kuti nzeru ya ku Ntcheu inafika mpaka ku Indiana. Kwathu mabatire akafooka sitinkataya. Bambo anga ankawandandalika pamwala padzuwa, pofika madzulo wailesi n'kumalankhulanso.

Miyezi iwiri ndinali pa ntchito. Ndinamata matabwa ofufuma, ndinasintha mabatani awiri, ndinapukuta galasi, ndinapenta m'mbali. Cholinga changa chinali tsiku lokumbukira malemu mu July, pamene mlamu wanga Agnes, mng'ono wawo, nesi wa ku Indianapolis, amabwera kudzapemphera nane.

Kutatsala tsiku limodzi ndinakumbukira mabatire. Kunja dzuwa linali loswa mtengo. Ndinazimitsa makina, ndinazula pulagi, poti munthu wanzeru sagwira mawaya magetsi akuyaka. Mabatire ndinawayala pazenera. Masana ndinawatembenuza ngati makaka. Atatentha mpaka kuwotcha zala ndinawabwezera, n'kufunditsa makina chitenje cha malemu. Sindinayatse. Ndinkafuna tidzaonere limodzi, ngati povundukula chiliza.

Mlamu anafika atatchena. Anapemphera, anachotsa chitenje, ine n'kuyatsa.

Makina analira bwino. Mndandanda unabwera. Zilembo zachilendo zokhazokha, zimene makina anachoka nazo kufakitale.

"Alamu, achemwali ali pati?"

"Dikirani atenthe."

Tinadikira. Ndinazimitsa, ndinayatsa. Ndinamenya m'mbali ngati wailesi. INE palibe. INU palibe.

Ndinaimbira Gary, foni ili pa speaker.

"Did you do it hot?"

"Very hot! Six hours!"

"Six hours? Where?"

"In the sun."

 Mzunguyo anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala. Kwa iwo "hot" ndiye kuti kuika mabatire atsopano magetsi akuyaka, kuti makina asaiwale. Ukazimitsa n'kuchotsa mabatire, maina onse amapita, ndipo sabwereranso.

Mlamu anakhala pansi, pa kapeti penipeni. Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira kuseka kutatha.

"Koma munajambula, eti?"

"Ndinkafuna ndijambule penti ikauma."

"Alamu inu! Zaka zonsezi munalephera kuwagonjetsa ndi manja, lero mwawagonjetsa ndi dzuwa!"

 Zovala za malemu tinagawa, mawu awo pa voicemail anapita ndi foni yakale. Zilembo zitatu zija ndizo zinatsala zolembedwa ndi chala chawo, ndipo ndinaziyanika ndekha.

Kuyambira pamenepo ndinkasewera m'mawa uliwonse, tiyi akuzizira patebulo, kuti ndiwabwezere pamalo pawo. Zala zauma, maso sathamanga. Chipale chitayamba kugwa ndinakwawanso mpaka nambala teni. Makina atandifunsa dzina ndinalemba INE, ndinajambula nthawi yomweyo, n'kutumizira mlamu.

Yankho silinachedwe: "Fufutani. Achemwali sanakhalepo nambala teni. Malo amenewo ndi a INU."

Mawu a Chingerezi amene amapweteka si amene sukuwadziwa, koma amene wavomera ndi mutu.

Tsono mmodzi wa inu ana, aikopere nkhaniyi m'buku lenileni, ndi cholembera, ndipo INE amuike pamwamba. Pepala silidalira batire. A m'mutu mwangamu afooka kale, ndipo chonde musadzandiyanike.