Buku la akulu anga ndi mdala wa fosholo

Mukadzandiona pa siteshoni ya minibasi ku Mtendere, kuno ku Lusaka, nditanyamula buku lonenepa ngati njerwa, chonde musandifunse za ntchito ija ya m'tauni. Ndikuuzani ndekha pano, kamodzi kokha.

Bukulo linali la akulu anga, a Yona, amene anapita ku Joni ndili wamng'ono. Poyamba ankaimba foni, kenako zii. Anasiya nsapato zong'ambika ndi buku lophunzitsa chinenero cholembera mawebusayiti. Ine ndinkawasowa koopsa, ndipo ndinadziuza kuti ndikaloweza bukuli ndidzafanana nawo, mwinanso adzandikumbukira.

Ndiye ndinayamba. Magetsi akabwera ndinkathamangira ku kafe ya intaneti ya kumsika, komwe kuli kompyuta yachikale ya chimutu chachikulu (ine ndi iyo tinkamvana, tonse otsalira). Zonse zimene buku lanena ndinkachita osatsutsa. Likati zilembo zizithamanga, zinkathamanga. Likati ikani mtundu wachikasu pamwamba pa wofiirira, ndinkaika. Za foni silinatchulepo n'kamodzi komwe, inenso sindinaziganizire.

Tsiku lina ndinamva kuti mayi wina, ba Mutinta, amene ali ndi kaofesi kopanga mawebusayiti m'tauni, akufuna wophunzira ntchito. Ndinasita malaya, buku m'khwapa, ulendo. Anandipatsa laputopu n'kunena kuti ndipange tsamba la saluni ya azimayi. Ndinatsegula buku langa patebulo monyadira, fumbi n'kuti fwa! Iwo anayetsemula.

Nditamaliza anati, "Tiyeni tione pa foni, makasitomala bonse baseŵenzesa foni."

Abale inu! Zilembo zinachepa ngati nyerere. Dzina la saluni linkathamanga kuchoka kumanja kupita kumanzere ngati likuthawa moto. Zimene ndinalamula kuti zizithwanima zinangoti duu, chifukwa lamulo limenelo akuti linafa kalekale. Pansi penipeni panali kachithunzi ka bambo wa chisoti akukumba ndi fosholo (buku linati tsamba lililonse latsopano liyenera kukhala nako, kusonyeza kuti ntchito ikupitirira).

"Nanga uyu mudala wa fosholo afuna chani mu saluni?" anafunsa ba Mutinta. "Akumba manda ya makasitomala?"

"Buku inakamba kuti ni wofunika," ndinayankha.

Anatembenuza buku, n'kuyang'ana chaka chimene linasindikizidwa. "Mwana wanga, iyi buku ni ikulu kupambana imwe. Maganizo muli nayo, vinthu mwavikonza mu dongosolo, koma muphunzira kuyenda mu Lusaka na mapu ya kudala, ya kalekale. Mukabwere mukaphunzira vamanje, va masiku ano."

Ntchito inapita choncho. Mu minibasi ndinakhala pampando wakumbuyo, buku pamiyendo, misozi ili m'maso. Sikuti ndinkalirira ntchito yokha ayi. Ndinkaona ngati ndawachititsa manyazi a Yona. Ndinajambula chikuto cha bukulo n'kutumiza pa nambala yawo yakale, ija yosayankha, ndi mawu akuti: buku lanu landigwetsa.

Ndisanatsike, foni inalira. Uthenga wa mawu.

"Iwe mufana!" Kenako chiphwete cha kuseka, kuseka kwawo komwe kuja kotsamwa nako. "Ija buku? Na ine sininaiŵerengeko! Ninagula chabe pa mseu chifukwa inali ikulu, kuti bakazi bazinione monga wanzeru. Wakula, ka? Amai bali bwanji?"

Ndinapitirira siteshoni yanga ndikumvetsera mobwerezabwereza, mpaka kondakitala anandikalipira.

Tsono mukandifunsa ngati mabuku akale a makompyuta amathandiza, ndinena kuti pa ntchito gulani latsopano, musachite ngati ine. Koma langali sinditaya. Lakanika kundiphunzitsa chinenero cha makompyuta, inde, koma lawayankhulitsa akulu anga.