Ndinapentetsa Munthu Khoma Kawiri

Ndiyambe ndi kunena kuti ine kujambula zithunzi ndimatha. Ndaneneratu dala, chifukwa mukamva zimene ndinachita ku Sunnyside mwina muyamba kukayika. Kuno ku Kanjedza maukwati ndajambula, zinkhoswe ndajambula, ngakhale ana olira pa ubatizo ndimawatulutsa ngati angelo. Koma paja akuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Mayi Chakanza, a kwawo ku Nsanje, amene ndinawajambulirapo ukwati wa mwana wawo, anatsegula saluni m'nyumba ina yakalekale ku Sunnyside. Anandiitana kuti ndikajambule malowo, zithunzizo aike pa intaneti. Chimene ankanyadira kwambiri chinali khoma lalikulu loyang'anizana ndi magalasi, lopentedwa mobiriwira ngati m'kati mwa peyala. Dzuwa linkalowera pawindo, mbali imodzi kuwala kwambiri, kenako n'kumazilala pang'onopang'ono mpaka pakona. Ndinagwada, ndinakwera pampando, ndinajambula ndi mtima wonse.

Nditafika ku situdiyo (situdiyo ndikunenayi ndi chipinda chakumaso cha nyumba yanga, koma chikwangwani chilipo) ndinatsegula zithunzi pa kompyuta. Monita yanga inali chimonita chachikulu chimene ndinagula pa kaunjika ku Limbe, ndipo ndinkachikonda ngati mwana woyamba. Kuyang'ana khoma lija, ndinasendera pafupi. Mizere! Kuchokera pawindo mpaka pakona, mzere wowala, mzere woderako, wina woderanso, ngati munda wa tiyi ukauonera patali.

Munthu wanzeru akanayamba wadzifunsa. Ine ndinatenga foni.

"Mayi, khoma lija anakupenterani ndani?"

"A Namakhwa a ku Bangwe. Bwanji?"

"Akupusitsani. Penti anachulutsa madzi. Khoma lonse ndi mizere yokhayokha."

"Mizere? Inetu ndili pompano ndikuliona, lili myaa."

"Mayi," ndinatero ndi mawu a munthu wophunzira, "kamera imaona zimene maso saona."

(Chiganizo chimenechi ndinachipeka pomwepo, ndipo kunena zoona chinandikomera m'kamwa.)

Masana omwewo Mayi Chakanza anatulukira. Ataona pa monita anagwira pakamwa. Kenako anati ndiwatumizire chithunzicho pafoni yawo. Atatsegula, mizere panalibe. Apa mpamene Mulungu anandipatsa mpata wothawira, koma ine ndinaukana.

"Foni imabisa, mayi. Anaipanga kuti aliyense azioneka wokongola."

Anagwedeza mutu, kuvomereza. Ananenanso kuti anali atawalankhulira kale a Namakhwa kwa amayi a Mvano kuti awapatse ntchito yopenta holo ya kutchalitchi, koma tsopano akawauza kuti aiwale. Ine ndinamva kukoma kuti ndapulumutsa mpingo.

A Namakhwa ndi bambo wachikulire, wosalankhulalankhula, amene makolo ake anachokera ku Mozambiki. Loweruka lake ndinawapeza pasaluni atavala ovolosi yothimbirira. Anasisita khoma ndi dzanja, analiyang'ana chapambali atatsinzina diso limodzi, koma sanatsutse. Anangoti, "Ngati eni kamera aona, tibwereza." Anapenta khoma lonse kachiwiri, saluni n'kutsekedwa masiku awiri chifukwa cha fungo.

Litauma ndinakajambulanso. Kufika kunyumba, kutsegula, mizere ili pomwepo, ngati ikundidikira. Ndinaimbanso foni. Ulendo uno ndinati vuto ndi rola ya a Namakhwa, yatha ubweya. (Ine rola yopentera sindinaigwirepo chibadwire.)

Apa a Namakhwa anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti nawonso aione mizereyo ndi maso awo. Anabwera pa minibasi ndi Mayi Chakanza, amene nkhope yawo inali itachita mdima. Bamboyo anavula chipewa pakhomo, anavala magalasi omanga ndi ulusi, n'kukhala pampando wa makasitomala. Ine ndinatenga cholembera n'kumaloza ngati dokotala.

"Mukuona apa? Ndi apa? Ndi apanso?"

"Ndikuona ndithu," anatero motsitsa.

Nditakhutira kuti mlandu watha, ndinatseka chithunzicho. Pa monita panatsala chithunzi chimene chimakhala kumbuyo nthawi zonse, cha mitambo ya ku Chichiri, magetsi a sitediyamu ali pansi, kumwamba kuli mbee. A Namakhwa anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, ichi anajambula ndani?"

"Ndine ndemwe, bambo," ndinayankha chifuwa chili patsogolo.

"N'chokongola. Nanga kumwambaku ndinapentanso ine?"

Ndinayang'ana. Abale anga, thambo lonse linali mizere, yofanana ndendende ndi ya pakhoma. Chithunzi chimenecho ndinkachiona tsiku ndi tsiku, koma poti ndinajambula ndine, diso silinkafuna kupezapo cholakwa.

Kenako Mayi Chakanza anayamba kuseka, kuseka kwa m'mimba, mpaka anatsamira chitseko akupukuta misozi ndi chitenje. A Namakhwa sanaseke. Anavala chipewa chawo, anati tsalani bwino. Kunena zoona, bola akananditukwana.

M'mawa mwake ndinakulunga chimonita chija m'bulangete, ulendo ku Limbe kwa a Tiyamike, mayi wokonza makompyuta m'kashopu kena kuseri kwa msika. Ndinafotokoza nkhani yonse, kungochotsako za penti. Anachitembenuza, anawerenga kumbuyo, n'kumwetulira.

"Achimwene, monita yanuyi sinafe, kungoti ndi ya mabiti sikisi. Kuchokera pakuda kufika powala, mtundu uliwonse ili ndi masitepe 64 okha. Ya mabiti eyiti ili ndi 256, ya teni ili ndi 1,024. Kuwala kwa pakhoma kumatsika ngati mtsetse, koma yanuyi siitha kutsetsereka, imachita kudumpha sitepe ndi sitepe. Mizere mukuionayo ndi masitepewo."

"Ndiye kuti chithunzi changa chilibe vuto?"

Ndinawatumizira chithunzicho, anachitsegula pa monita yawo. Khoma linali myaa, kuwala kukuyenda ngati mafuta.

"Chithunzi n'chabwino zedi. Munajambula ndinu?"

Pa zonse zimene ananena tsiku limenelo, mawu amene ndinasunga bwino ndi amenewa.

Komabe manyazi sadyeka, ndinayenera kukonza zimene ndinaononga. Ndinagula tambala wamkulu n'kukwera naye minibasi ya ku Bangwe, kondakitala akundifunsa ngati tambalayo alipire mpando wake. A Namakhwa anamulandira, anamukweza m'mwamba kumuyesa kulemera, n'kunena kuti, "Uyu yekha alibe mizere." Ndiko kunali kuseka kwawo koyamba. Lachinayi lake ndinakaima pamaso pa amayi a Mvano, onse atavala zoyera, n'kuulula kuti wolakwa ndine ndi monita yanga. Ndinayesa kufotokoza za mabiti, mayi wina kumbuyo anangoti, "Mwachidule munanama." Ndinavomera. Ntchito ya holo anawapatsa a Namakhwa, ndipo atamaliza ndinakajambula mwaulere. Zithunzi zimenezo anthu akuziyamikira mpaka lero.

Pano ndili ndi monita ya mabiti teni, ndipo kasitomala aliyense amayamba wamva za masitepe 1,024 asanaone chithunzi chake. Ena amayasamula, koma amatuluka ataphunzira.

Sabata yatha ndikukonza chithunzi cha mkwati wina, ndinaona kadontho kakuda patsaya pake. Ndinati uyu ayenera kukaonana ndi achipatala ukwati usanafike patali, ndipo munthu woyenera kumuuza ndine. Foni italira kawiri, china chake chinandiuza kuti ndipukute kaye sikirini ndi malaya. Kadontho kanachoka. Inali ntchito ya ntchentche.

Mkwati atayankha, ndinangomufunsa ngati adzuka bwino.