Jenerali ndi Kamakina Koyeza Utsi

Nzeruyo inabadwira pa botolo lachitatu, ndipo nzeru zobadwira pamenepo tonse tikuzidziwa. Jenerali, mbava imene sinapambanepo nkhondo ngakhale imodzi, anagogoda tebulo n'kuyang'ana asilikali ake awiri: Sipanala woyendetsa galimoto, ndi Mphuno, katswiri womva fungo la apolisi iwo atafika kale.

"Amangwetu, mwamva lamulo latsopano? Ndudu zamagetsi zonunkhira maswiti zija aziletsa, akuti zikukopa ana asukulu. Aliyense amene ali nazo m'sitolo azipereke kwa a zaumoyo pofika mawa masana. Nanga a zaumoyowo ndi ndani?"

"Ndi ndani, bwana?" anafunsa Sipanala.

"Ndife! Makoti oyera atatu basi. Sitithyola chitseko, atinyamulira okha."

Mphuno anawomba m'manja mpaka mowa kutayika. "Dilu yakupsa! Koma alamu akadziwa?"

Jenerali anatsokomola. Mkazi wake anali atamuuza mosapsatira kuti akadzabanso kapena kusutanso, atenga ana n'kumapita kwawo. Iye analumbira atagwada kuti zonse ziwiri wasiya, ndipo kuyambira tsikulo ankasutira kuseri kwa garaja, kenako n'kutafuna khungu la ndimu. Mkaziyo Jenerali ankamukonda zedi, ndipo ankamuopa kuposa ndende.

"Sadziwa. Ndamuuza kuti ndapeza ganyu."

M'mawa mwake zinthu zinayenda myaa. Mwini sitolo yoyamba atangoona makoti anatulutsa makatoni anayi, n'kuwonjezera zoziziritsa kukhosi. Mbiri inathamanga msewu wonse. Amalonda anatuluka makatoni ali pamutu, akulimbirana kukhala oyamba kupereka, Sipanala akupakira uku akuvina. Jenerali udindo unamulowa m'mutu, mpaka anakalipira wogulitsa wina chifukwa chosaika chikwangwani choletsa ana kugula fodya.

"Bwana, galimoto yadzaza, tiyeni tidyetse nsapato," ananong'ona Sipanala.

"Tiwonjezere sitolo imodzi yokha," anatero Jenerali.

M'sitolo imodziyo ndi mmene munatuluka nesi wamkulu wovala magalasi, apolisi awiri ali pambuyo pake.

"Ndikumva fungo la apolisi," anatero Mphuno.

Nesi anamwetulira. "Ndinu ochokera kulikulu aja? Mwafulumiratu! Tsatirani galimoto yathu, anthu akudikira pabwalo la msika."

Anatsatira, nanga akanatani njinga yamoto ya apolisi ili pambuyo? Pabwalopo panali nsanja, zokuzira mawu ndi chigalimoto chopsinja msewu. Makatoni onse anayalidwa pansi. Chigalimoto chinadutsa, phwa phwa phwa, fungo la maswiti n'kudzaza msika wonse. Sipanala analira misozi yeniyeni, ndipo nesi anauza khamulo kuti lione mmene anthu ena ntchito imawakhudzira mtima.

Jenerali anali atayamba kusuzumira kothawira pamene anamva mawu kuchokera pamzere wa amayi ogulitsa masamba.

"Amuna anga amenewo! Anthuni, ndi amuna anga!"

Anali mkazi wake, akudumpha, dengu lili uko. Chikwatiraneni sanamuyang'anepo monyadira chonchi. Jenerali anasangalala mpaka kuiwala kuti ndi mbava. M'malo mothawa anakwera pansanja, analanda maikolofoni, n'kulalikira kuipa kwa fodya kwa mphindi makumi awiri, anthu akuwomba m'manja.

Nesi atakondwa anatulutsa kamakina konga foni, kokhala ndi kapaipi.

"Aka kamayeza utsi wa m'chifuwa. Munthu wosasuta akauzira, kamayaka mobiriwira. Bwana, apatseni anthu chitsanzo."

"Ndili ndi chimfine, mayi."

"Uzirani, bambo a ana!" anakuwa mkazi uja. "Munasiya kalekale, aonetseni!"

Jenerali anauzira pang'ono, ngati akuziziritsa tiyi wa mwana. Kamakina kanafiira psuu, n'kuyamba kulira tii tii tii pafupi ndi maikolofoni, mpaka ogulitsa makala kumapeto kwa msika anamva.

Nesi anavula magalasi. "Mwati mukuchokera ku ofesi iti? Tione ziphaso zanu."

Sipanala analiyatsa liwiro, koti lalitali n'kumukola miyendo, khu pansi. Mphuno anapereka chiphaso chake monyadira. Wapolisi atachitembenuza anapeza chithunzi cha mano owola ndi chenjezo la boma, poti mwini wake anachidula pa paketi ya ndudu.

Mkazi wa Jenerali anakwera pansanja pang'onopang'ono, akupinda manja a bulauzi.

"Achimwene apolisi, dikirani kaye, zakubazo mukambirana pambuyo. Bambo a ana, ndiyang'aneni. Mwasuta liti? Yankhani ndisanapite kukamanga katundu."

Jenerali anatambasulira wapolisi manja onse awiri.

"Bwana, chonde, ndimangeni msanga."