Mphuno Yanga ndi Chinkhoswe cha Loweruka

Lolemba

Kwatsala masiku asanu kuti chinkhoswe changa chichitike, ndipo mphuno yanga ikadali ngati kachewere wa ku Tsangano.

Papita miyezi isanu chigwereni panjinga ya kabaza pamsewu wa ku Kasinje. Adokotala a ku Blantyre anachita opaleshoni, fupa analumikiza bwino, mpweya ukudutsa. Koma kunsonga kuno kwatupa n'kuuma gwaa. Akuti ndi chipsera cha m'kati, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa sitiroidi wobaya pamphuno pomwepo, kamodzi pamwezi. Ndabayitsa awiri. Wachitatu ndi wa mwezi wamawa. Ine sindingadikire.

A Limbani, bwenzi langa, akufika Lachisanu kuchokera ku Joni. Za ngozi akudziwa, za nkhopeyi ayi. Zithunzi zonse zimene ndakhala ndikuwatumizira n'za chaka chatha. Akafuna kuimba ya vidiyo, ndimati netiweki yavuta. Ndili ndi mantha kuti akandiona abwerera.

Pulani yanga:
1. Mawa kubayitsa jakisoni kuno konkuno.
2. Pofika Lachinayi mphuno iphwe.
3. Loweruka akandivundukula chitenje pamaso pa anthu, ndioneke munthu.

Lachiwiri

Kuchipatala chathu chaching'ono. Mzere wautali, amayi a sikelo onse maso ali pa ine. Adokotala akuwerenga buku langa, akudina mphuno ndi chala, akupukusa mutu.

"Chemwali, ife pano timabaya pamkono ndi pathako. Pamphuno sitinaphunzire. Nditalakwitsa pang'ono, pangakumbike dzenje losatha."

Ndikuchonderera mpaka kugwada, koma ayi ndithu. Ndikubwerera kunyumba ndi uphungu wa kulera umene sindinapemphe.

Lachitatu

Ndikuimbira anamwino a ku Blantyre. Akuti ngakhale atandibaya lero, mankhwalawo amatenga masabata kuti agwire ntchito, ndipo kubaya pafupipafupi kumapyapyalitsa khungu. "Mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha." Nkhonoyo ilibe chinkhoswe Loweruka!

Msuweni wanga Esnati, amene salephera kudziwa chinthu, akuti ku Manjawira amagulitsa mafuta odzola okhala ndi mankhwala omwewo, kusiyana kwake n'kwakuti alibe singano. Masana tili komweko. Mayi wa sitolo akundiyang'ana mwachisoni asanandipatse kachubuko.

"Awatu anthu amadzola kuti ayere. Zoti amaphwetsa mphuno sindinamvepo, mwanangu."

Ndamva. Ndagulabe.

Lachinayi

Lero ndiye tsiku limene mphuno imayenera kuphwa.

Malangizo amene ndalandira chiyambire dzulo:
Esnati akuti ndidzole mafutawo kasanu patsiku.
Azakhali akuti ndithowe ndi nsalu ya madzi otentha.
Amayi a kutchalitchi akuti ndisale kudya.
Aneba akuti ndiipane ndi chopanira zovala pachingwe.

Ndachita zonse zinayi, pofuna kusakhumudwitsa aliyense. Madzi a azakhali anali owira kumene. Mphuno yafiira psuu, yayamba kusupuka, ikunyezimira mafuta. Poyamba inali yaikulu chabe, tsopano ndi yaikulu yamawangamawanga. Ndalira, koma ndi kuminako komwe kukupweteka.

Lachisanu

A Limbani afika! Atumiza uthenga katatu kuti tionane ngakhale pampanda. Ndayankha kuti anankungwi andibindikiritsa, mwambo sulola. Chibadwire sindinaukondepo mwambo ngati lero.

Amayi akusenda kachewere wa alendo a mawa, sakundiyang'ana n'komwe.

"Ukanamuuza kalekale mwana wa eni ake. Mphuno munthu amaizolowera. Koma kubisaku, kaya."

Ndajambula chithunzi choti ndiwatumizire. Ndafufuta. Ndajambula china chakumbali, nachonso ndafufuta. Ufa wodzola wa Esnati sukukhala pakhungu losupuka, ukungogwirana timibulu.

Loweruka

Mwambo wake ndi uja wa masiku onse. Atifunditsa zitenje atatu kumutu mpaka kumapazi, ndipo amalume a mwamuna ayenera kuvundukula mmodzimmodzi, kukana abodza, n'kuloza mtsikana weniweni. Amalume a a Limbani amakhala ku Kasungu, sitinaonanepo. Kuti asachite manyazi, a Limbani awatumizira chithunzi changa mufoni. Cha chaka chatha.

Avundukula woyamba, Esnati. "Ayi, si ameneyu!" Anthu kuseka.

Avundukula ine. Ayang'ana foni, ayang'ana ine, ayang'ananso foni. "Uyunso ayi!" Anthu kusekanso, poganiza kuti bamboyo ndi wanthabwala. Koma iwo ndiye akupitiriradi kwa wachitatu, mwaulemu wonse, n'kuvundukula azakhali anga a zidzukulu zisanu ndi ziwiri.

Bwalo lonse zii. Woimba nyimbo naye wazimitsa choimbira.

"Nanga mtsikana wathu mwamusiya kuti?" akufunsa amalumewo.

Ndaima pakati pa bwalo, chitenje chili m'mapewa. Amayi aweramitsa mutu. Ndikufuna nthaka ing'ambike ndilowe.

A Limbani akunyamuka pampando. Akubwera pang'onopang'ono, akundiyang'ana nthawi yaitali kwambiri, kenaka akundigwira dzanja.

"Ndi ameneyu, amalume."

Nthungululu zachedwa, komabe zabwera. Ankhoswe apatsana tambala ndi thadzi, anyema nkhuku yowotcha n'kudya. Amalume apepesa kanayi, ndipo kupepesa kulikonse akuloza mphuno kuti anthu amvetse chimene chinawasokoneza.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Masana a Limbani abwera, takhala pakhonde, mpando wawo uko, mkeka wanga kuno.

"Imapweteka?"

Ndati pang'ono. Ndawauza zonse, ndi zimene adokotala a ku Blantyre anandiuza tsiku loyamba zimene sindinauzepo munthu, zoti jakisoni adzaphwetsa kutupaku koma mphuno yakale ija sidzabweranso. Akupukuta fumbi pansapato.

"Mphunoyi si mlandu. Chikundiwawa n'chakuti miyezi isanu yonse umalira wekha, ukuopa ine. Ndiye kuti umandiona munthu wotani?"

Za tsiku la ukwati akuti tikambirana mtima wawo ukakhala pansi. Sindinawakakamize.

Kachubu ka mafuta ndaponya m'chimbudzi. Khungu likuuma lokha, galasi ndalitembenuzira kukhoma. Potsanzikana ndawauza tsiku limene ndikabayitse ku Blantyre, ndi nthawi imene minibasi yoyamba imanyamuka. Sananene kuti adzandiperekeza. Angotulutsa foni n'kulemba tsikulo.